Kamba wa Ababa

Bangwe, Blantyre
14 Meyi, 2019

Okondedwa Amayi,

Ndagwada pakhomo panu ndi moni, ngakhale ndikudziwa kuti masiku ano nkhope yanu simukufuna kuilozetsa kuno. Muli bwanji, Amayi? Bondo lija likukulolani kufika kusikimu ya mpunga? Nanga Ababa akudzuka bwanji? Funso lomalizali sindinafunse mwamwambo chabe ayi, ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe.

Ife kuno tilipo. Chiperoni chayamba msanga chaka chino, moti mdzukulu wanu Ulemu wakhala akununkha mafuta a chimfine sabata yonse, koma kusukulu akupita. Mkamwini wanu, a Fabiano, akadali pa lole yawo ija yonyamula simenti. Ine makina osokera sakupuma, pakuti chisankho chayandikira ndipo aliyense akufuna diresi la nsalu ya chipani. Ndikusoka mitundu yonse, Amayi, wobwera ndi yake ndimamuuza kuti apambana ndithu.

Mwina mukudabwa kuti ndalemba kalata ngati kale pamene foni ilipo. Foniyo ndayesa. Ndikaimba kwa mlongo wanga Redson, iye n'kukupatsirani, mumangoti zonse zili bwino, Mulungu akusunga, kenaka ndimamva foni yabwerera kale kwa mwini wake. Ine ndinakulira m'nyumba mwanu, ndimadziwa mawu anu mukakhala kuti mwamanga mtima. Komanso nkhani imene ndili nayo si yoti idutse m'makutu mwa Redson. Kalatayi ndapatsira mayi Eliness, anzanu a ku Mvano, amene anabwera kudzaona mwana wawo kuno. Muiwerenge nokha, pamalo poduka mphepo.

Azakhali a Veronica anandiimbira Lamlungu, osandipatsa ndi moni womwe. Anati mudzi wonse wamva kuti mlongo wawo anapita kwa mwana wake ku Blantyre ali wodwala, mwanayo n'kumugoneka ndi njala, n'kumumwetsa mankhwala otsegula m'mimba mpaka miyendo kunjenjemera, kenaka n'kumupereka kwa madokotala kuti amuvule, ndipo pamapeto pake palibe chimene chinapezeka. Anati tauni yandizunguza mutu. Anati mlendo ndi mame, nanga bambo wokubereka ndiye n'kumutero? Zonsezo ndikanapirira, pakuti pakamwa pa azakhali tonse timapadziwa. Koma ananenanso kuti inu munalira, ndipo chimenecho chandibaya.

Zambiri zimene anenazo n'zoona. Nsima ndinawamanadi Ababa. Mankhwala ndinawamwetsadi, ndi dzanja langa ili. Chabodza ndi chimodzi chokha, choti palibe chimene chinapezeka. Ndiloleni ndiyambire poyamba.

Mukukumbukira pa Isitala, pamene munandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti mukamachapa zovala za Ababa mukuona magazi? Munati lamba wawo mwauboolanso mabowo ena ndi msomali, ndipo m'mimba mwawo mukusinthasintha, lero kudzimbidwa, mawa kutsegula. Anthu ankati ndi mudzi, mizu anamwa yambiri, koma munthu ankangonka nachepa. Ndinu amene munandiuza kuti ndichitepo kanthu. Kuchipatala cha kwathu atawaona anawatumiza kuchipatala chachikulu kuno, ndipo n'chifukwa chake anabwera.

Tsopano ndilemba zinthu zimene mwana wamkazi sayenera kulemba za bambo ake. Mundikhululukire, matenda sadziwa manyazi. Dokotala anati magazi a Ababa achepa, ndipo ayenera kuona kumene akuthawira. Njira yake akuitcha kolonosikope, dzina lopinda lilime. Amatenga kapaipi kofewa, konenepa ngati chala, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, n'kukalowetsa kudzera kunjira ya chimbudzi, munthu atapatsidwa mankhwala ogonetsa. Kapaipiko kamayenda m'matumbo aakulu, dokotala akuona zonse pa kanema. Anati mwa anthu ena, makamaka akamakula, m'matumbo mumamera tinthu tonga njerewere. Tambiri tilibe vuto, koma tina tikasiyidwa timasanduka khansa. Akatipeza msanga amatidula pompo ndi kapaipi komweko, popanda kung'amba mimba, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Koma anati kuti aone bwino, m'matumbo muyenera kukhala moyera. Namwino atamva kuti Ababa amalima mpunga ku Bwanje, anawafunsa chimene amachita akafuna kupeza pamene ngalande yang'aluka. Ababa anayankha monyadira kuti amayamba atseka madzi n'kukokolola matope onse, pakuti mng'alu subisala pa simenti youma. Namwino anati basi, n'chimodzimodzi. Anatiuza kuti kwa masiku angapo asadye nyemba, masamba, mgaiwa, mtedza kapena chimanga, koma phala la ufa woyera, mazira ndi buledi. Tsiku lomaliza asadye kanthu, azingomwa madzi, tiyi wopanda mkaka ndi msuzi wosefa, kenaka masana amwe mankhwala otsuka m'mimba. Ababa anagwedeza mutu pa zonsezi ngati mkulu wa mpingo akuvomereza ulaliki.

Amayi, musaganize kuti ife tinkadya iwo akuyang'ana. Tsiku lomalizalo m'nyumba mwanga simunayake moto wa nsima. Ulemu tinamutumiza kukadya kwa aneba. A Fabiano anati sangatafune kanthu apongozi awo akumwa madzi, ndipo nawo anaswera ndi tiyi wopanda mkaka, munthu amene mukudziwa mmene amadyera uja. Mpunga umene munatitumizira unali pakona ukununkhira nyumba yonse, koma palibe anaukhudza.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, madzi a pampopi anasiya tsiku lomwelo. Chimbudzi chathu n'chimodzi mabanja onse a pamalo pano. A Fabiano anayenda khomo ndi khomo kupempha aneba kuti atisiyire chimbudzicho, anatunga madzi kudambo ndowa ndi ndowa, kenaka anakhala pakhonde atafulatira njira ya kuseri, wailesi atakweza, kuti apongozi awo azidutsa osaona kuti pali amene akuwaona. Ndipo Ababa ankadutsadi, mobwerezabwereza, koma ulendo uliwonse ankayamba avala chipewa chawo chija n'kukonza jekete. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kulira. Sanadandaule ngakhale kamodzi.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala. Namwino anawafunsa ngati adya kanthu, ndipo iwo anayankha molimba mtima kuti chakudya sichinadutse pakhosi pawo chiyambire dzana. Powapatsa chovala cha odwala, chija chotsegula kumbuyo, anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti kuvula pamaso pa anthu achilendo anakulekezera ku Theba, pamene ankawakweza pa sikelo asanapite ku migodi ya ku Joni. Ndinapempha kuti awathandize namwino wamwamuna, ndipo anatimvera. Ine ndinatsala pabenchi panja, ndikupemphera.

Sipanapite nthawi yaitali dokotala anandiitana. Nkhope yake sinali yokwiya, inali yotopa. Anandifunsa ngati tinatsatira zimene anatiuza, ine n'kulumbira kuti tinatsatira zonse. Pamenepo anandionetsa zithunzi zimene kamera ija inajambula. Amayi, ine za udokotala sindidziwa, koma mtedza ndimaudziwa, ndi chimanga chokazinga ndimachidziwa. Zinali mbwee m'matumbo mwa Ababa, timakoko tofiira titamatirira pa galasi la kamera. Ndinasowa poika nkhope.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Dokotala anati asanabwerere, pamalo pena pamene thumbo limakhota, anaona chotupa chonga nsonga ya chala chachikulu, chimene chinkatuluka magazi chikangokhudzidwa. Sanathe kuchiona mbali zonse, sanathe kupitirira kuti aone kutsogolo, ndipo anati sangadule chinthu chimene sakuchiona bwino. Ndinamufunsa mosapita m'mbali ngati ndi khansa. Anati sanganene inde kapena ayi mpaka atachiona poyera n'kutapako kachidutswa kokapima. Koma anati chikhale chimene chili, lero n'chaching'ono kuposa mmene chidzakhalire mvula ikamadzagwa. Anatipatsa tsiku lina, Lachinayi pa 6 Juni.

Tinabwerera pa minibasi. Ababa anali adakali ndi chizungulire cha mankhwala. Titafika kunyumba ndinawaphikira phala, anamwa, kenaka anapisa m'thumba la m'kati la jekete n'kutulutsa kansalu. Kanali kaduku kanu kobiriwira kaja, kothothoka m'mphepete, kali kopindidwa bwinobwino, kopanda kanthu. Mchere unali udakali woyera m'makwinya mwake. Ine sindinadziwe n'komwe kuti munawamangira kamba. Thumba la mpunga ndinaliona, koma kaduku aka kanali pamtima pawo chifikireni, ndipo ankakamasula akakhala okha kuseri kwa nyumba akuothera dzuwa. Ngakhale tsiku la tiyi lija, anali kutapamo.

Ndinakwiya, Amayi. Ndinakweza mawu kwa bambo anga, chinthu chimene simunandiphunzitse. Ndinawakumbutsa kuti namwino anatchula mtedza ndi dzina, iwo ali pomwepo akugwedeza mutu. Anayankha kuti ankaganiza kuti akunena mtedza wa nsinjiro wothira m'ndiwo, wodyera nsima. Anati wokazinga uja si chakudya, n'chongotafuna kuti m'kamwa musawawe, ndipo sananamize munthu, pakuti nsima sanaikhudze. Ndinati dokotala wataya nthawi yake, a Fabiano ajomba kuntchito, iwo eni avutika pachabe, zonsezi chifukwa cha mtedza wodzaza manja awiri.

Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenaka, akusalaza kaduku kaja pabondo, anandiuza zimene sanandiuzepo chibadwire changa.

Anati tsiku limene ankanyamuka ulendo woyamba wa ku Joni, inu muli ndi pakati pa ine, munalawirira kukazinga mtedza ndi chimanga, n'kuwamangira pa kansalu. Anzawo anamaliza kamba wawo asanafike n'komwe, koma iwo anasunga wawo. M'mawa uliwonse, akamalowa m'chikepe chotsikira pansi pa mgodi, ankaponya njere zingapo m'kamwa. Anati chikepecho chikamatsika, kuwala kukamachepa pamwamba, munthu sudziwa ngati udzaonanso dzuwa, koma mchere wanu ukakhala palilime ankadziwa kuti kuli khomo limene akuyembekezeka. Mtedza ukatha, munkatumiza wina kudzera mwa anzawo obwerera kutchuthi. Anati zaka zonse zija sanatsikepo pansi m'kamwa muli mowuma, ndipo chikwatirane nanu sanabwezepo kamba wanu kunyumba.

Anati atamva kuti adzawagoneka, mantha a chikepe aja anabweranso. Munthu wa msinkhu wawo, magazi ochepa, ndani akudziwa ngati adzadzuka? Ndipo anati sakanatha kupirira maganizo oti jekete lawo libwerere ku Bwanje lokha, inu n'kupisa m'thumba n'kupeza kamba wanu ali chimangire, ngati anakunyozani pa ulendo wawo womaliza. Ndiye anaonetsetsa kuti atha yense asanalowe.

Mkwiyo wanga unathera pomwepo. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kulira ngati kamwana. Ine ndinkaona nkhalamba yosamva, osadziwa kuti ndikusunga munthu wamantha amene analibe womuuza. Kwa ine sakanatha kunena, ndine mwana. Kwa mkamwini ndiye n'kosayamba n'komwe.

Kutacha anamanga chikwama. Anati sadzabweranso, pakuti adzichititsa manyazi pamaso pa mkamwini ndi pamaso pa dokotala, komanso mpunga wacha ndipo mbalame sizidikira kuti munthu achire. Ndinawachonderera mpaka padepoti ku Limbe, koma mukuwadziwa akaumitsa khosi. Asanakwere anandigwira dzanja n'kundipempha chinthu chimodzi, kuti ndisadzakuuzeni kuti unali mtedza wanu. Anati mukadzamva mudzadziimba mlandu, mudzasiya kudya, ndipo bondo lokhalo likukukwanirani.

Mwaona tsopano chifukwa chake anangofotokoza theka. Sananene bodza lililonse, anangosiya nkhani pakati, azakhali n'kumalizitsa okha. Ine ndinavomera kusenza dzina la mwana womana, ndipo ndikanalisenza mpaka kalekale chikhala kuti nkhani inali ya dzina langa lokha. Koma masiku akupita, chotupa chija chili momwemo, ndipo inu amene mungawadzutse simukudziwa kanthu. Ndiye ndaswa pangano langa ndi Ababa. Ndasankha kuti andikwiyire ali moyo.

Chonde, Amayi, musachite zimene iwo ankaopazo. Mulibe mlandu ngakhale pang'ono. Ndi mkazi uti kwathu angalole mwamuna wake kukwera basi manja ali lende, ngati wapirikitsidwa pakhomo? Munachita zimene mwakhala mukuchita moyo wanu wonse, ndipo palibe anakuuzani kuti ulendo uwu ndi wina. Mtedza wanu sunawadwalitse. Unangotchinga maso a dokotala kwa tsiku limodzi, ndipo zimenezo zingathe kukonzedwa.

Pempho langa ndi limodzi. Muwabweretse Ababa, ndipo mubwere nawo inu nomwe. Ine sandimvera, Redson samumvera, ngakhale abusa amangowagwedezera mutu ngati mmene anachitira ndi namwino. Koma inu munawasiyitsa fodya wa chingambwe osakweza mawu ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpaka pano sitidziwa kuti munawauza chiyani. Mawu omwewo muwafunefune kumene munawasunga. Musawauze kuti akudwala kwambiri, pakuti sitikudziwa. Muwauze kuti ngalande yatsala pang'ono kuyera, ndipo munthu sasiya ntchito pakati.

Mufike kuno Lamlungu la sabata imeneyo, kuti masiku a phala aja tidzawayambire limodzi, inu mukuona ndi maso anu chimene chikulowa mumphika. Za ulendo musade nazo nkhawa, a Fabiano akonza kale ndi Redson, ndipo adzakuchingamirani ku Limbe. Mpunga Redson ndi mkazi wake amweta, ndalankhula naye ndipo wavomera, ngakhale sindinamuuze chifukwa chenicheni. Mbalame zikadya mzere umodzi zidye, chaka chamawa tidzadzala wina. Mudzatenge juzi yokhuthala, kuno si kuchigwa, kuzizira kwake kumalowa m'mafupa.

Ndikudziwa kuti zidzakuvutani kukhala tsiku lathunthu mukuona amuna anu akumwa madzi okha. Manja anu adzayabwa, mudzayang'ana mbaula, mudzandiona ngati mfiti. Ndidzapirira. Ndinafunsa namwino ngati mkazi wa wodwala angaloledwe kukhala pafupi, ndipo anati mungathe kuwaperekeza mpaka pakhomo la chipinda, komanso akamadzatsitsimuka adzakuitanani kuti mukhale pambali pa bedi. Zimene zidzapezeke tidzazimva tonse pamodzi. Ngati n'kachinthu kodula pompo, tidzayamika. Ngati ndi matenda aakulu aja, dokotala anati alipo ambiri amene anachitidwa opaleshoni nthawi yabwino ndipo akulima mpaka lero. Ine mantha ndili nawo, Amayi, sindikubisirani. Koma ndikuopa kwambiri kusadziwa.

Mundiperekere moni kwa Ababa, ngati angaulandire atadziwa zimene ndachita. Moni kwa mlongo wanga Redson ndi alamu anga, ndi ana onse. Moni kwa amalume ku Manjawira, muwauze kuti malaya awo ndasoka, ndidzakupatsirani pobwerera. Kwa azakhali a Veronica moninso, muwauze kuti sindinawasungire kanthu kukhosi, ankamenyera nkhondo mlongo wawo monga ndikuchitira inemu. A Fabiano akuti mulandire ulemu wawo, ndipo akuti apongozi asachite nawo manyazi, pakuti iwo tsiku lija anangomva wailesi. Ulemu akuti agogo abwere ndi bwemba.

Chotsiriza ndi ichi. Sindikukuuzani kuti musakazinge mtedza. Ukazingeni monga mwa nthawi zonse, muthire mchere wanu uja, mumange pa kaduku komweko. Koma ulendo uno kasalowe m'jekete la Ababa. Kakhale m'chikwama chanu, mfundo yake ili yomanga, ndipo muwaonetse kuti kalipo. Ku Joni ankatenga mtedza chifukwa inu simukanatha kupita nawo. Kuno mudzakhalapo nokha, mudzawagwira dzanja mpaka pakhomo. Muwauze kuti kamba wawo akuwadikira panja, ndipo chikwatirane nanu sanamubwezepo kunyumba, ndiye adzuke adzadye.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene sanamanepo bambo ake kanthu koma tsiku limodzi lokha,

Tisunge